Mtunda wa pa mapu si mtunda wa paulendo

Funsani mwana wa Fomu 2 kutalika kwa ulendo wa pandege kuchokera ku London kukafika ku Paris. Aika rula pa mapu, awerengera sikelo, apeza makilomita pafupifupi 340, ndipo mphunzitsi amuchonga. Koma kodi mwanayo wadziwapo chiyani za ulendowo? Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tisamakhutire ndi yankho lotere.

Rula imayeza mzere wowongoka, njira ya mbalame. Munthu sayenda choncho. Ndege ya pakati pa mizinda iwiriyi imakhala m'mwamba ola limodzi ndi mphindi zochepa, koma mabwalo ake ali kunja kwa tauni, ndipo wokwera amayenera kufika nthawi ikadalipo kuti asechedwe. N'chifukwa chake ambiri amasankha sitima ya Eurostar, yodutsa m'ngalande ya pansi pa nyanja imene inatsegulidwa mu 1994. Imatenga maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20, koma imakutula pakati pa mzinda.

Kwathu kuno phunziroli likuonekera bwino koposa. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre, mzere wowongoka ndi wa makilomita pafupifupi 240, pamene msewu wodzera ku Zalewa umapitirira 300. Ndege yonyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi imatera ku Chileka ola lisanathe. Basi imadya maola anayi kapena kuposa.

Tsono taganizirani mayi wa ku Naisi amene akufuna kukaona mwana wake ku Lilongwe. Kuti akwere ndege, ayambe walowera kummwera: Zomba, Limbe, Blantyre, kenako Chileka, chonsecho Lilongwe ali kumpoto. Basi yodzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza imamuyendetsa cholunjika kumene akupita, pa mtengo umene angaukwanitse. Kwa iye, njira yaifupi pa mapu ndiyo yaitali m'thumba.

Ena anena kuti mayeso amafuna nambala basi, ndipo nthawi ya m'kalasi ndi yochepa. Zoona, sikelo iphunzitsidwe ndithu, mwana aidziwe bwino. Koma nambala yongoloweza imauluka mayeso akangotha. Mwana wa ku Naisi amene amayenda wapansi kupita kusukulu akudziwa kale kuti mtsinje ukadzaza mu Januwale, njira yomweyo imatalika. Nzeru imeneyo ndiyo poyambira pathu.

Choncho, aphunzitsi anzanga a mawa, tikapita kokayeserera kuphunzitsa, pa mtunda uliwonse tizifunsa mafunso atatu: ndi makilomita angati, zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo zidya ndalama zingati? Tiyambe ndi njira ya kumsika wa ku Songani, tifike ku Lilongwe, kenako London ndi Paris. Mwana wophunzira motero akadzakula sadzasankha ulendo pongoona mapu, adzayamba wawerengera nthawi yake ndi thumba lake.