Kavalo amene sindinamuone

Ndinayamba chess imvi zitamera kale, ndipo amene anandichotsa matama ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Sitandade 6 amene amasewera m'kalabu ya kusukulu kwawo. Loweruka lina tinayala bolodi pakhonde. Ine ndinabwera nditadzikonzekeretsa: sabata yonse ndinkaloweza mayambidwe otchedwa Ruy Lopez pa YouTube mpaka bandulo kuthera pomwepo. Koma mwanayu atafika pa kusuntha kwachitatu anapatuka, n'kuchita chinthu chimene mphunzitsi wa pa YouTube uja sanatchule. Zoloweza zanga zonse zinathera pamenepo. Ndinatulutsa kwini kukasaka ma pawn kutali, mfumu n'kuisiya pakati, pa e1.

"Cheke, amalume."

Kavalo wake anali atatera pa c2. Mbali ina akuloza mfumu, mbali ina akuloza rook wanga wa pa a1. Mfumu ikapatsidwa cheke palibe kukambirana, uyenera kuipulumutsa basi, ndiye rook anapita. Anthu a chess amati imeneyi ndi foloko, chifukwa chida chimodzi chabaya pawiri. Chimene chinandiwawa si rook ayi. N'chakuti kavaloyo anabwera poyera, masana dzuwa likuswa mtengo, anadumpha kawiri ine ndikuyang'ana, koma sindinamuone.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira kuti woyamba kumene amaluza chifukwa choganiza mosazama. Amaluza chifukwa maso ake sanaphunzire kuona. Mu 1973, William Chase ndi Herbert Simon a ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku America anaonetsa osewera bolodi kwa masekondi asanu okha, kenako n'kuwauza kuti ayalenso zimene aona. Zida zikakhala kuti zachokera m'masewera enieni, katswiri ankakumbukira zambiri kuposa wophunzira. Koma atangozimwaza chisawawa, ukatswiri uja unatsala pang'ono kutheratu. Ndiye kuti katswiri alibe mutu wa mtundu wina. Ali ndi nkhokwe ya maonekedwe amene anakumana nawo kambirimbiri, ndipo akawaonanso amawazindikira ngati nkhope ya mnansi.

Ife a kuno izi si zachilendo. Pitani pamthunzi pamene madoda akusewera bawo: mkulu wozolowera amadziwa pamene nkhomo zikathere asanazigwire n'komwe, pomwe mlendo akuwerengabe mabowo ndi milomo. Ndipotu bawo ili ndi mabowo 32 ndi nkhomo 64, pomwe chess ili ndi timabwalo 64 ndi zida 32. Ndinaseka nditazindikira zimenezi, ngakhale sizinandithandize kupambana.

Umboni umene umanditonthoza kwambiri ndi wa Vladimir Kramnik. Mu Novembala 2006, ali katswiri wa dziko lonse lapansi, ankasewera ndi kompyuta yotchedwa Deep Fritz mumzinda wa Bonn ku Germany. M'masewera achiwiri anasuntha kwini wake n'kumuika pa e3 mtima uli m'malo, kompyuta n'kuika kwini pa h7: checkmate. Munthu amene anali atangogonjetsa Veselin Topalov mwezi wapitawo sanaone kuti aphedwa pa kusuntha kumodzi. Odziwa anafotokoza kuti kavalo amene ankachirikiza kwiniyo anali pa f8, mzere wakumapeto, malo amene kavalo wa mdani sakhalapo kawirikawiri pa msampha wotere. Akanakhala pa g5 kapena f6, Kramnik akanamuona ali m'tulo. Maonekedwe achilendo anamuchititsa khungu ngati ine pakhonde paja.

Tsono maso amaphunzitsidwa bwanji? Yankho lake ndi lotopetsa: kubwereza zinthu zophweka mpaka zitalowa m'magazi. László Polgár wa ku Hungary, bambo wa Judit Polgár amene anakhala grandmaster mu 1991 ali ndi zaka 15, anasonkhanitsa buku la mafunso ndi masewera 5,334. Buku lonselo limayamba ndi mafunso 306 a checkmate ya kusuntha kumodzi, kenako 3,412 a kusuntha kuwiri. Onani kuchuluka kwake. Munthu amene analera akatswiri atatu m'nyumba imodzi sanachite manyazi kuyambira pansi penipeni, pomwe ine ndinkafuna kuyambira pa Ruy Lopez. Axel Smith ndi Hans Tikkanen a ku Sweden anatulutsa buku mu 2018 lophunzitsa njira imene anaipatsa dzina la mbalame ya gogomole: usankhe mulu umodzi wa mafunso, uwayankhe onse, kenako ubwerezenso omwewo mobwerezabwereza, ulendo uliwonse mofulumirapo. Gogomole sasintha mtengo akagogoda kamodzi.

Ine ndilibe mabuku amenewa. Ndili ndi foni ndi Lichess, imene ndi yaulere ndipo imakulola kusankha mtundu wa msampha. Sabata imodzi ndimachita mafoloko okhaokha. Ina ndimachita pini, pamene chida sichingasunthe chifukwa kumbuyo kwake kuli mfumu kapena kwini. Ina ndimaphunzira za mfumu imene yadzitsekera kuseri kwa ma pawn ake atatu, rook n'kubwera kumzere wakumapeto kudzaimaliza. Mphindi 15 m'mawa tiyi asanazizire zimandipindulira kuposa maola atatu a Lamulungu. Lamulo langa ndi limodzi: sindigwira chida ndisanaone mapeto ake onse m'mutu, kuphatikizapo yankho labwino la mdani. Poyamba ndinkangoponya cheke iliyonse imene ndaona, ikalakwika ndiyese ina. Kumeneko n'kuchita mayere, ndipo manambala a pa foni amakwera pomwe iwe uli pompo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe mafunso a pa foni ali ndi chinyengo chake. Amakuuziratu kuti pano pali kanthu, funafuna. Pabolodi lenileni palibe amene amaliza wezulo. Ndiponso amakuzoloweza kukhala mlenje nthawi zonse, pomwe woyamba kumene nthawi zambiri ndiye nyama. Choncho mdani akangosuntha, ndisanaganize za mapulani anga okoma, ndimadzifunsa kuti iyeyu akufunanji. Angandipatse cheke pati? Angadye chiyani? Ndi chida changa chiti chimene chaima chokha popanda mnzake wochiteteza? Funso lomalizali ndi limene landipulumutsa kwambiri, chifukwa foloko imakonda zida zamasiye. Ndimakhalira manja enieniwa pampando kuti asatsogole mutu. Anthu amaseka, koma aseke.

China chimene ndinkachizemba ndi kubwerera ku masewera amene ndaluza. Zimawawa ngati kuwerenganso kalata imene unakanidwa nayo. Koma nditayamba kulemba m'kope pamene zinthu zinasokonekera, ndinapeza kuti ndilibe zolakwa zambirimbiri: ndili ndi ziwiri kapena zitatu zimene ndimangozibwereza. Chachikulu ndi akavalo. Bishopu ndi rook amayenda mowongoka, diso limawatsata; kavalo amakhota, ndipo akakhala pa bwalo loyera amaluma pa lakuda. Tsopano ndikaona mfumu ndi kwini wanga ali pa mabwalo a mtundu umodzi, kavalo wa mdani ali chapafupi, thupi limachita tsemwe.

Loweruka lapitali tinayalanso bolodi. Ndinabisa mfumu msanga, kwini anakhala pakhomo, ndipo kavalo wake atayamba ulendo wopita pa c2 ndinamutsekera njira ndi pawn. Mtsikanayo anandiyang'ana, kenako anayang'ana bolodi nthawi yaitali. Tinafika kusuntha kwa 31, amayi ake atayitana kawiri kuti nsima ikuzizira. Ndiye anakankha rook mpaka kumzere wanga wakumapeto, kumene mfumu yanga inali itakhala phee kuseri kwa ma pawn atatu.

"Amalume, simunaitsegulire zenera."