Mwana tamuyeza sikelo, nanga bala la mayi alifunsa ndani?

Mnzanga wina anabereka mwana wake woyamba chaka chatha. Mutu wa mwana uli pafupi kutuluka, azamba anamuwonjezera njira, kenako n'kumusoka. Patatha miyezi 4 anandilembera pa WhatsApp pakati pa usiku: "Aise, kodi ndi mmene zimakhalira? Tikakhala malo amodzi ndi bambo a mwana ndimangoluma mano."

Ndinamufunsa ngati anauzako anamwino. Anati kusikelo amayeza mwana, kumubaya katemera, kufunsa za kulera, basi. Za bala lake palibe anafunsa, ndipo iye anachita manyazi kuyambitsa nkhaniyo pamzere wodzaza anthu.

Apa ndi pamene tikulakwitsa. Kuwonjezera njira ndi kudula mnofu wa pakati pa njira ya mwana ndi kotulukira chimbudzi. Nthawi zina n'kofunikadi, monga mwana akabanika ndipo akufunika kutuluka msanga. Koma mu 2018 bungwe la WHO linanena kuti kudulaku kusamachitike mwachizolowezi kwa mayi aliyense amene akubereka bwinobwino. Ndiye kuti ndi bala lenileni, lofunika chifukwa chomveka, chilolezo cha mayi, komanso chisamaliro pambuyo pake.

Ulusi umasungunuka wokha, khungu n'kupola m'masabata ochepa. Koma chipsera chimatha kukhala cholimba n'kumawawabe kwa miyezi. Kuyamwitsa nako kumatsitsa mahomoni ena, kumaliseche n'kumauma. Onjezanipo tulo tosakwanira ndi mantha oti bala litseguka, mupeza kuti chilakolako chathawa. Si mwano umenewo, komanso si kuti chikondi chatha.

Vuto lina lili kunyumba. Masabata 6 amene achipatala amatchula, abambo ena amawawerenga ngati tsiku la malipiro. Kwina akuluakulu ndi amene amanena tsiku lotenga mwana, ndipo mwini thupi safunsidwa. Akadandaula, yankho ndi lomwe lija: banja ndi kupirira. Kupirira chiyani, bala?

Anyamata anzanga, masabata 6 ndi nthawi yoti mayi akaonedwe kuchipatala, si belu loyambira mpira. Mufunseni mmene akumvera. Akati zikuwawa, siyani. Mukadzayambiranso, yambani pang'onopang'ono, ndipo kufamase kuli mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi. Vaseline ayi, amaononga kondomu.

Atsikana, bala likatupa, likatuluka mafinya kapena fungo, likatseguka, kapena thupi likatentha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati mkodzo, mpweya kapena chimbudzi zikutuluka mosadziletsa. Zitsamba zoika kumaliseko zisiyeni, zimangowonjezera matenda. Ululu ukapitirira miyezi ingapo, bwererani mukanene mosabisa mawu.

Ndikudziwa kuti anamwino athu ndi ochepa ndipo mizere ndi yaitali. Komabe funso loti "Mayi, pamene munasokedwa papola bwanji?" silitenga mphindi imodzi, bola lifunsidwe kuseri kwa katani, osati pagulu. Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti funsoli likufunsidwa kwa mayi aliyense wobwera kudzaonedwa akabereka.

Mnzanga uja anabwerera kuchipatala, ulendo uno limodzi ndi mwamuna wake. Atamva kuchokera pakamwa pa namwino, bamboyo anasiya kuwerenga masiku.