Malangizo a pulogalamu si chokongoletsera

Akonzi,

Ndikuyankha bambo amene analemba m'nyuzipepala yanu kuti pulogalamu yabwino ya pakompyuta sifuna malangizo, ati munthu amangoizolowera yekha. Bambo inu, zimenezo n'zoyankhula munthu wokhala mu ofesi ku Capital Hill.

Bwerani pa Msundwe pano, pamsewu wa ku Mchinji, mudzaone anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi. Ambiri amadalira mapulogalamu oyamba mwayesa kaye musanagule, onga WinRAR ya masiku 40 ija. Koma pali mapulogalamu ena obwera opanda tsamba ngakhale limodzi lofotokoza kagwiritsidwe kake. Uthenga wa Chingerezi ukangotulukira, mnyamata amadina paliponse, kasitomala ali chilili pakhomo, mwina nyimbo zake n'kufufutika. Mukuti ameneyo ndi waulesi?

Wopanga pulogalamu yotere amafuna tiiyese, tiikonde, kenako tilipire. Nanga tilipira bwanji chinthu chosatiuza zomwe chichite masiku oyesera akatha? Ngakhale botolo la mankhwala opopera mbewu limanena mlingo wake.

Ulangizi, pulogalamu ya alimi ya pa WhatsApp, imayankha m'Chichewa. Enawo chikuwakanika n'chiyani kulemba masamba awiri omveka?

Wowerenga wanu,
Msundwe, Lilongwe