Ngozi Family: gitala yolusa, makutu akuthwa

Lero choko ndayamba ndaika pambali, tikambeko za nyimbo.

Tsiku lina mnyamata wa Fomu 3 anandimvetsera nyimbo pa foni yake, ati, "Aphunzitsi, za ku America izi." Inali Noid ya Tyler, the Creator, yotuluka mu 2024. Nditamva Chinyanja pakati pake ndinaseka mpaka misozi. Ndinati, mphwanga, ameneyo ndi Paul Ngozi wa ku Lusaka! Chidutswacho anachitapa mu Nizakupanga Ngozi, nyimbo ya mu chimbale cha 45,000 Volts cha 1977.

Gulu la Ngozi Family ndinalidziwira kwa malume anga, amene anali kalaliki pa esiteti ina ya fodya kuno ku Santhe. Kaseti anabwera nayo kuchokera ku Chipata. Mabatire tinkachita kuanika padzuwa, tepi n'kumabweza ndi bolopeni. Paul anamwalira mu 1989 ine ndili ku pulayimale, choncho sindinamuonepo akuimba. Koma makutu anga anakulira pa iyeyo.

Ena amati rock ndi phokoso chabe. Ndikuvomera, majambulidwe ake ndi okhakhala ndithu, gitala imachita kulira ngati chigayo. Koma tamverani chimbale cha Day of Judgement cha 1976 modekha. Paul akasiya kuimba mawu, gitala imanyamuka n'kulowera kwake ngati ikupeka njira pompopompo. Nanga bwanji sasochera? Chifukwa Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma ndi mnzake wa pa besi agwira nyimbo zolimba, ndipo onse akumverana. Ife a ku Kasungu izi sizachilendo. Pabwalo la gule, woimba mbalule amatsata mapazi a wovina pamene ng'oma zinazo zikusunga mayendedwe. Ufulu wa mmodzi umatsamira pa mwambo wa anzake.

Kapekedwe kakenso n'kosazungulira. Mawu ochepa, Chinyanja cha m'makomboni a Lusaka, kwina Chingerezi. Nyimbo anatapa Tyler ija ikungochenjeza mlendo wamiseche, nkhani yoti ngakhale agogo kumudzi aimva. Mawu akachepa chonchi, zida zimapeza malo olankhula.

Chikundiwawa n'chakuti, abale anzanga, ana athu luso ali nalo koma aliyense akupanga nyimbo yekhayekha pa kompyuta. Kompyuta siphonya, komanso siyankha. Mwana wotere saphunzira kudikira mnzake, kumutola akaphonya, kapena kukhala chete nthawi ya wina ikakwana. Kodi si zomwezi zimene timadandaula m'kalasi tikawaika m'magulu? Chinanso, zatengera munthu wa ku America kuti mwana wa pa Santhe amve nyimbo ya m'chilankhulo chake yochokera kutsidya kwa malire pompa. Manyazi amenewa ndi athu akuluakulufe.

Ndiye pempho langa nali. Pa tsiku la makalabu, tiyeni tipeze ana atatu, ng'oma imodzi, ndi banjo ngakhale ya chigubu. Tiwauze kuti yambani, osalemba kanthu, ingomveranani. Poyamba lidzakhala phokoso, musawaletse. Ndipo inu ana anga akale amene muli ndi gitala yongogona pansi pa bedi ku Lilongwe uko, mwandimva eti?

Mnyamata uja anabweranso m'mawa mwake kudzafunsa dzina la woimba ng'oma. Ndinamulembera pa bolodi.

Ndatha ine wanu, mphunzitsi wa pa Santhe.