Sitima ya nkhondo ndi chishango, si mankhwala

Anzanga, ambirife tikamva za zida zamakono zankhondo timangoti, "Eee, amene ali nazo wawina basi." Ine ndikukana. Tiyeni tione sitima imodzi ya dziko la Germany, dzina lake Hessen.

Sitimayi ndi ya mtundu wa frigate. Ntchito yake yaikulu ndi kuteteza sitima zinzake ku zoopsa zochokera mumlengalenga: ndege, mizinga ndi madroni, tindege topanda munthu mkati tija. Kutalika kwake ndi mamita 143, pafupifupi ma Ilala atatu kuwandandalika. Imanyamula asilikali oposa 200 ndipo ili ndi malo a helikoputa ziwiri. Maso ake ndi radar yotchedwa SMART-L, yomwe imaona ndege ili pa mtunda wa makilomita 400, kuposa kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre. Mizinga yake ikuluikulu imakhala chilili m'zipinda 32 kutsogolo kwa sitimayo. Mdani akaizemba, pali mizinga ina yowombera pafupi, kenako chimfuti chachikulu. Mipanda itatu ndithu!

Mu February 2024 Hessen inatumizidwa ku Nyanja Yofiira, komwe gulu la Houthi la ku Yemen linkawombera sitima zamalonda ponena kuti likukwiya ndi nkhondo ya ku Gaza. Inagwetsadi madroni ndipo inaperekeza bwinobwino sitima zamalonda 27. Pamenepo sinditsutsa, inapulumutsa miyoyo.

Koma taonani izi. Choyamba, tsiku lina inaponyera mizinga iwiri droni ya America, bwenzi lake, poyesa kuti ndi ya adani. Mwamwayi yonse inaphonya. Maso akuthwa aja sanathe kusiyanitsa mnansi ndi mdani.

Chachiwiri, mzinga umodzi waukulu umadya ndalama zoposa madola 1 miliyoni, pomwe droni ya adani ndi yotchipa kwambiri. Komanso mizinga ikatha m'zipinda zija, sitima iyenera kubwerera kudoko kukaikamo ina. Atope msanga ndani?

Chachitatu, makampani ambiri anapitirizabe kuopa njirayo. Sitima zawo zinkazungulira ku South Africa, ulendo wa pakati pa Asia ndi Ulaya n'kutalika ndi masiku oposa sabata. Ulendo ukatalika, mtengo wonyamulira katundu umakwera. Musati sizikutikhudza: katundu wambiri amene timagula ndi fodya amene timagulitsa kunja amadutsa pa madoko monga Beira ndi Nacala.

Ndiye ine ndimaiona Hessen ngati mwana woingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Munda wake autetezadi lero, koma mbalame sizinathe, mawa zibweranso. Nzeru zopangira sitimayi n'zogometsa, tizisirire. Koma chimene chimatsegula njira panyanja kwamuyaya ndi atsogoleri kukhala pansi n'kuthetsa chimene chinayambitsa mkangano. Paja akuluakulu amati nkhondo siimanga mudzi.

Wotsutsa alembe, tiwerenge pakhoma pompano.

Wophunzira wa Fomu 2