Nyumba ya ku Garden: yambani kufunsa ba neba

Mwezi watha mufana wanga ananitumila foni usiku, mau yali pamwamba. "Ba sisi, napeza nyumba ku Garden! Marumu yatatu, ni yakudala koma ni yolimba, pali na mutengo wa mango. Bene bake bafuna ndalama musanga."

Ine mau ya "musanga" ndiye yananiyofya. Mufana uyu wasunga ndalama zaka zambili, chilimba pamwamba pa chilimba, chifukwa analema na ba landilodi bokweza lenti chaka chilichonse. Ndipo Garden ikopa: tauni ili pafupi, basi ikavuta uyenda na mendo, ukaoloka chabe wafika ku Olympia kwamene bambili bagwila nchito. Ninamuuza kuti, "Iwe, usapeleke olo ngwee. Pa Chibelu tiyenda tonse."

Nyumba tinaiona, yooneka bwino zoona. Koma pamene ba agent benze kutokota, ine ninapita pa kantemba ka pafupi kugula tomato. Ambuya bogulitsa baniyangana, ati, "Mwana wanga, ndimwe mufuna kugula paja? Mwakamba nabo bana bonse ba malemu? Uja ogulitsa ni administrator chabe. Mulongo wake ali ku Kabwe, saziba kanthu."

Tomato wa K10 anatipulumutsa. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 likamba kuti munthu akamwalila osasiya wilu, nyumba ikhala ya mukazi olo mwamuna wosala pamozi na bana. Administrator ni osunga chabe, sangagulitse nyumba popanda chilolezo cha khoti. Ukagula mwa chibisibisi, mawa bana benangu babwela na samoni, iwe uli kale mukati na mapoto yako.

Chachibili ni pepala. Mu makomboni yambili ya Lusaka nyumba zilibe title deed monga ku mayadi. Chamene chilipo ni occupancy licence ya ku Lusaka City Council, ya zaka 30. Kalata yolembelana pa tebulo, olo ikhale na mboni zingati, siilowa m'malo mwa pepala ija. Yendani na ogulitsa ku kanselo, muone ngati zina ili pa licence ni yamene ili pa NRC yake, ngati ground rent inalipilidwa, ndipo musinthe zina musanasilize kulipila. Akayamba vakuti "mapepala tizakonza pambuyo", bwezani chikwama mu kwapa. Funsaninso nkhongole ya manzi, na mita ya Zesco kuti ili mu zina ya ndani.

Chachitatu ni mvula. Nyumba iliyonse ioneka bwino mu Ogasiti. Bombay drain inathandizako, koma si paliponse pamene manzi yamvela. Yanganani pansi pa chipupa: ngati penti ni yanyowani kufika m'mabondo chabe, zifunseni chamene babisa. Yanganani chimbuzi, ngati chazula, pali malo yokumba china? Tonse tikumbuka kolera ya 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala. Iyi si nkhani yoseka nayo.

Manje chachikulu nichi. Ku Garden sugula chipupa na malata chabe, ugula na banthu. Kanjila kopita pa yadi yako, bana ba sukulu bakapitapo kuchokela kale. Ukafika chabe na kumanga mpanda osakamba na munthu, uzakhala weka monga kadzidzi. Malilo yakachitika pa neba, pepala ya chopeleka izafika pa chitseko chako, ndipo usiku uyenela kukaonekela pa moto. Ena baona monga ni chovuta. Koma ni banthu bamene aba bazathamangitsa kawalala iwe uli ku nchito, na kukupezela motoka mwana akadwala pakati pa usiku. Nyumba yakudala ili na mbili, ndipo mbili siikhala mu faelo, ikhala pakamwa pa ba neba. Ba agent bazadya komishoni na kuyenda. Ambuya ba pa kantemba muzaonana nabo m'mawa mulimonse.

Nyumba ya mango ija tinaisiya. Mufana anakwiya nane masiku yatatu, foni osayankha. Sabata yatha ambuya baja banamuitana: pali ba tate bena bopuma nchito bafuna kubwelela kumunzi ku Petauke, ka nyumba ni ka marumu yabili, licence ili mu zina yabo. Ni kang'ono, malata yafunika kusintha, mango palibe. Pa Mande bayenda bonse ku Civic Centre.

Namuuza kuti akasamuka, chintu choyamba si penti. Ayambe kugula tomato pa kantemba kaja, osapempha mbasela.