Yambani mwapima motoka, citseko ca galaji pambuyo

Mu Ogasiti 2025 tinapita kukaceza kwa anzathu ena, aphunzitsi opuma pa nchito amene tsopano alima soya ndi cimanga kufupi ndi Katete. Tinapeza anyamata awiri ali pa makwerero, nyundo ndi chizulo m'manja, akugumula khoma la pamwamba pa khomo la galaji. Nyumba inali yatsopano, penti ikali kununkha. Eni ake anatipatsa mipando pansi pa mtengo wa mango, ndipo tisanafunse n'komwe anayamba okha kufotokoza. Pomanga nyumbayo anali ndi ka Corolla, ndipo womanga anasiya khomo lolingana ndi citseko cogulagula ca m'sitolo. Atagulitsa soya anasinthanitsa Corolla ija ndi Canter yakale yokhala ndi zitsulo kumbuyo zochingira matumba. Tsiku loyamba anabwera nayo ndi cimwemwe, ana akuthamangira pambuyo, koma pofika pakhomo la galaji motoka inakana kulowa. Inagona panja miyezi iwiri, mpaka usiku wina akuba anamasula batire. "Bambo," anatero, "womanga anandifunsa mtundu wa penti, koma za motoka sanandifunse, nanenso sindinakambe." Citseko cimene anagula ndi ndalama zambiri tinaciona citatsamira kukhoma la khichini, nkhuku zikubisala kumbuyo kwake.

Tinaseka nawo limodzi pakuti nawonso anali kudziseka, koma pobwerera tinayamba kuwerengera zimene zinatayika: batire, citseko, simenti ndi zitsulo za lintel yatsopano, malipiro a anyamata aja, ndiponso mng'alu umene unayamba kuoneka pakhoma la cipinda cogona kamba ka kumenya kwa nyundo. Zonsezi zikanapeweka ndi tepi yopimira imene ngakhale mwana wa giredi 7 adziwa kuwerenga.

Kale galaji inali nkhani ya mabwana a ku Kabulonga. Lero motoka zogwirako nchito zocokera ku Japan, zimene zimatsikira ku Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde, zafika mpaka m'midzi mwathu, ndipo mlimi, namwino kapena mphunzitsi akamamanga nyumba ya njerwa amasiyako cipinda ca motoka. Palibe colakwa pamenepo. Colakwa n'cakuti timatengera pulani ya m'tauni mmene ilili, kuiwala kuti umoyo wathu si wa m'tauni. Ife tiona kuti khomo la galaji liyenera kupimidwa pa cinthu cacikulu koposa cimene cidzalowamo m'zaka 10 zikudzazi. Citseko cake cikhale coti mayi wa panyumba angatsegule yekha malaiti atapita, ndiponso coti wowocherera wa pamsika wapafupi angakonze cikaonongeka. Kukongola kubwere pambuyo pa izi.

Tiyambe ndi manambala, cifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Zitseko zogulagula za m'masitolo a zomangira, makamaka zocokera ku South Africa, kawirikawiri zimakhala mamita 2.44 m'lifupi ndi mamita 2.13 kupita m'mwamba. Ca motoka ziwiri cimafika mamita 4.88 m'lifupi koma msinkhu ndi womwewo. Kwa Corolla yakale, imene ndi mamita 1.7 m'lifupi ndipo msinkhu wake suposa mita imodzi ndi theka, khomo lotere ndi bwalo. Koma Hilux ya masiku ano ndi mamita 1.85 thupi lokha. Mukatambasula magalasi a m'mbali yapitirira mamita 2, ndipo mbali iliyonse kwatsala masentimita 20 kapena kucepera. Masana, woyendetsa wozolowera alowa bwino. Nanga usiku wa mvula, mwana wanu amene wangotenga laisensi akulowetsa cam'mbuyo? Minibasi ya Hiace ya denga lalifupi ndi mamita 1.98 msinkhu, ndipo imalowa movutikira. Mukaikapo keriyala yonyamulira katundu, basi, yatsala panja. Ya denga lalitali ndi pafupifupi mamita 2.3, silowa n'komwe. Za Canter ndi zitsulo zake taona kale.

Conco pimani motoka yanu nokha, osadalira mawu a wogulitsa. Pimani kucokera pagalasi kufika pagalasi, ndiponso kucokera pansi kufika pa cinthu cotalika koposa, kaya ndi keriyala, zitsulo za kumbuyo kapena mlongoti wa wailesi. Pimani ili yopanda katundu, pakuti motoka yopanda kanthu imaima motalika kuposa yolemedwa. Kenaka kumbukirani mulu wa matumba umene mumasanja pocokera kumunda. Pa zimene mwapezazo onjezani masentimita 30 mbali iliyonse ndi ena 30 pamwamba. Muuzeni womanga kuti muyeso umene mufuna ndi wa khomo lomaliza, pansi atapaka kale simenti ndipo felemu italowa. Amisiri ambiri amapimira pa silabu, ndiye pulasitala, felemu ndi simenti ya pansi zimadya masentimita 5 kapena 10 mwakacetecete. Musaiwalenso kutalika kwa cipinda. Hilux ya zitseko zinayi ndi mamita 5.3, m'galaji ya mamita 5 idzalowa mutu, mcira n'kutsala panja, citseko osatsekeka.

Kwa banja la mlimi wa vaneti, ife tikadasankha khomo la mamita 3 m'lifupi ndi mamita 2.5 msinkhu. Ngati mumalota lole, ngakhale yaing'ono, kwezani kufika mamita 3, kapena bwino koposa imangireni shedi yakeyake pambali m'malo mokweza denga la nyumba yonse. Ena adzati khomo lalikulu ndi ndalama zambiri. N'zoona, citseko cimakwera mtengo. Koma pakhoma, masentimita 40 ndi mizere iwiri cabe ya mabuloko, ndipo nthawi yokambirana zimenezi ndi pamene khoma lili pa mawindo, lintel isanathiridwe. Lintel ndiye msana wa khomo. Khomo likakula, iyenera kukhala ya konkire yokhala ndi zitsulo zokwanira, yogona bwino pakhoma mbali zonse ziwiri. Konkire imatenga masiku 28 kuti ifike pa mphamvu yake, conco musalole womanga wothamangira nchito ina kucotsa mitengo yocirikiza patangopita masiku atatu. Lintel yopindika pakati imakanikiza citseko, ndipo mudzacimenya ndi phewa umoyo wanu wonse.

Tsopano tinene zoona, anzathu alimi: ndi magalaji angati kwathu kuno amene mumagona motoka yokha? Mu 2024, caka ca cilala, dziko lonse linakolola matani a cimanga pafupifupi 1.5 miliyoni. Mu 2025 boma linalengeza matani oposa 3.6 miliyoni, ndipo tinaona ndi maso athu magalaji akusanduka nkhokwe, matumba a makilo 50 osanjikizana mpaka kudenga, kudikira FRA kapena ogula oyendayenda. Mvula ikayandikira mumalowa feteleza ndi mbewu. Muli pulawo, sipuleya, njinga yamoto, nthawi zina ngolo. Ndico cifukwa cake timaumirira pa kakhomo kakang'ono, kaya kodulidwa pa citseko cacikulu kapena kapambali. Mwana wotumidwa kukatapa cimanga ca kucigayo asamatsegule citseko ca mamita 3 ndi kuonetsa msewu wonse zimene muli nazo. Pansi pa citseko pasakhale mpata wolowa cala cacikulu, cifukwa khoswe safuna woposa pamenepo, ndipo ciundo cikwereko pang'ono kuti madzi a mu Januwale asafike m'matumba.

Pa mitundu ya zitseko ife sitibisa. Kumudzi ndi kumafamu tikonda cija cacitsulo ca mbali ziwiri, cotsegukira panja, cimene anyamata owocherera amapanga paliponse, kuyambira ku Kalingalinga mpaka ku Lundazi. Sicifuna malaiti, ndipo sicifuna katswiri woyenda makilomita oposa 550 kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata kudzamanga kabawuti kamodzi. Mahinjesi akaduka lero, mawa awocherera. Koma naco cili ndi matenda ake, ndipo lalikulu ndi kulendewera. Mbali iliyonse ya mita imodzi ndi theka ndi yolemera. Ikakolekedwa pa mahinjesi awiri ang'onoang'ono okhomeredwa m'njerwa zomangidwa ndi dothi, pakutha kwa mvula imodzi yayamba kukhula pansi, ndipo mayi wa panyumba ayenera kuinyamula kuti atsegule. Uzani wowocherera aike mahinjesi atatu mbali iliyonse, citsulo copingasa cocokera pangodya kufika pangodya, ndi mizati yacitsulo yozikidwa mu konkire. Pitani pamene akupangira mukagwire zitsulozo ndi manja anu penti isanapakidwe. Ena amapanga felemu ndi mapaipi opyapyala, penti n'kubisa zonse. Safunsa anadya phula. Penti yofiira yoteteza dzimbiri iyambe kupakidwa, ya mtundu pambuyo, makamaka m'munsi mmene mumafika madzi. Kutsogolo kwa khomo kukhale malo athyathyathya okwanira kutsegula, ndipo mbali iliyonse ikhale ndi ngowe yoigwira ikatseguka. Mphepo ya mu Ogasiti ikakankha citseko cotere motoka ili pakati pa khomo, mudzalira galasi ndi nyali pamodzi.

Pamene malo a kutsogolo ndi ocepa kapena otsetsereka, citseko coyenda pa njanji cimathandiza, malinga pambali pali khoma lalitali mokwanira kuti cikankhidwireko. Mcenga ndi matope zimadzaza m'njanji, koma tsache ndi girizi zimatha nkhani imeneyo. Cimene sitinganyengerere ndi cotsekereza kumapeto kwa njanji ndi cogwirira pamwamba. Citseko colemera ngati matumba awiri a cimanga cikapitirira njanji cimagwa conse pansi, ndipo amene amakonda kucikwera ndi kucikankha ndi ana.

Zitseko zokulungira m'mwamba ngati mphasa, zija timaona pa mashopu, zili ndi ubwino wake m'tauni mmene mapuloti ndi ang'ono, pakuti sizidya malo kutsogolo kapena pambali. Koma mpukutu wake umafuna malo pamwamba pa khomo, pafupifupi masentimita 40, ndipo malowo akasowa amaupacika m'munsi, khomo n'kufupika. Lata lake ndi lopyapyala. Ng'ombe ikadzikhula pamenepo kapena ngolo ikagunda, lapindika ndipo silikweranso. Zija za zigawozigawo, zimene zimakwera ndi kugona kunsi kwa denga, n'zokongola ndithu, koma zimanyamulidwa ndi sipuling'i yokungidwa mwamphamvu. Masipuling'i ambiri amapangidwa kuti atsegule ndi kutseka nthawi 10,000. Mukamatsegula kanayi pa tsiku, zimenezo ndi zaka zosakwana 7. Ikayamba kuvuta musayese kuimasula ndi sipanala yanu, imatha kuthyola dzanja kapena kuphulitsa diso. Musanagule funsani wogulitsa: ina ndidzaipeza kuti, ndipo adzaiika ndani?

Nanga za mota ndi rimoti? Sitizinyoza ayi. Mayi wobwera ku nchito usiku m'tauni ali ndi cifukwa comveka cosafunira kutsika m'motoka pamdima, cimodzimodzi agogo a msana wopweteka. Koma tikumbukire 2024. Madzi atacepa ku Kariba, pofika mu Seputembala ZESCO inalengeza kuti malaiti azipita maola 17 pa tsiku. Amene anali ndi mota yopanda batire anaphunzira kukweza citseko ndi manja, ndipo amene galaji yawo inalibe khomo lina anayenda pansi motoka ili m'kati. Ngati mwasankha mota, ikhale ya batire, ikhale yodziwa kuima ndi kubwerera ikagunda mwana kapena mbuzi, ndipo aliyense panyumba adziwe pamene pali cingwe comasulira.

Za matabwa tingonena mwacidule: mukwa ndi wokongola koma wakwera mtengo, pamene paini wosapaka mankhwala ndi cakudya ca ciswe.

Cimene sicisintha pa mtundu uliwonse wa citseko ndi mpweya. Siyani timazenera pamwamba pa citseko kapena njerwa za mabowo pakhoma, zochinga ndi sefa kuti makoswe asalowerepo. Cimanga cimafuna kupuma, ndipo fungo la petulo limafuna potulukira. Koma timazenera timeneti tisatinyenge. Utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'cipinda cotseka mwezi wa Juni. Kuliza motoka kapena jenereta m'galaji yotseka, makamaka yokhala ndi khomo lolowera m'nyumba, kungaphe banja lonse lili mtulo. Jenereta malo ake ndi panja, ngakhale tiope akuba motani. Imangireni khola la zitsulo ndi loko.

Tinapitakonso kwa aphunzitsi aja mvula itayamba. Canter inali m'kati, matumba a feteleza pambali pake, ndipo mdzukulu wawo wa zaka 9 ndiye anatitsegulira mbali imodzi ya citseko catsopano ndi dzanja limodzi, linalo atagwira mango. Mng'alu wa kucipinda uja anaumata koma ukali kuoneka. Citseko cakale akali kufuna wocigula. Mukadzaona patsamba lino cidziwitso ca citseko ca galaji ca mamita 2.44, cogwirako nchito caka cimodzi cabe, mtengo wokambirana, ndi comweco.